Mmene mungayendere Mangochi pa njinga yakapalasa osathera m'matola

Anthu ambiri amene amanyamuka pa boma la Mangochi pa njinga kulowera ku Cape Maclear amakafikadi. Zimavuta pobwerera. Mumawapeza ataima pa Makawa dzuwa lili paliwombo, milomo itauma gwa, akunenerera mtengo kwa kondakitala kuti njinga ikwere nawo minibasi. Ine zinandichitikira paulendo wanga woyamba, ndipo sikuti miyendo inali yofooka. Msewu wa m'mbali mwa nyanja ndi wosalala, mapiri ndi ochepa, choncho munthu amaupeputsa. Chimene chimagwetsa anthu kuno ndi dzuwa, mwera ndi katundu, ndipo zitatu zonsezi mumathana nazo posankha nthawi yoyendera, osati popalasa mwamphamvu.

Ulendo womwe ndikufotokoza pano ndi wa masiku asanu kapena asanu ndi limodzi: pa boma, Monkey Bay, Cape Maclear, kubwerera, kenako kutsidya la Shire kwa amene akadali ndi mphamvu.

Zofunika kutenga

Njinga yabwino paulendo uno ndi yomwe wokonza njinga wa pansi pa mtengo wa mango angaikonze ndi zipangizo zomwe ali nazo. Humber, Buffalo kapena njinga ya magiya ya matayala a 26 zonse zimatha. Njinga zamakono za matayala opyapyala ndi mabuleki a mafuta zimathamanga, koma chikangothyoka chinthu mukadikira wina akubweretsereni kuchokera ku Blantyre.

Pamwamba pa njingayo tengani izi:

- pampu yomwe mwaiyesa kale pa valavu ya njinga yanu
- machubu awiri atsopano, zigamba, guluu ndi kachidutswa ka sandipepala
- masipanala a 8, 10, 13 ndi 15, pulayala, sikuludiraiva, ndi tizitsulo tiwiri totulutsira tayala
- masipoko anayi, waya wa buleki, kotapini ngati njinga yanu ili ya makotapini, kabotolo ka oyilo ndi kansanza
- malegeni ambiri ndithu
- mabotolo okwana malita anayi a madzi, WaterGuard, mapaketi a Thanzi ORS
- neti, chitenje, tochi, chipewa, malaya opepuka a manja aatali, ndi jekete yonyezimira
- chiphaso cha unzika, foni ndi pawabanki, ndalama zing'onozing'ono m'thumba ndipo zotsalazo zikhale pa Mpamba kapena Airtel Money

Mapoto, mbaula ndi ufa zisiyeni. Mumsewu wonsewu muli matiyirumu ndi ziwaya.

1. Sankhani mwezi, ndipo muwerengere mphepo

Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mvula imakhala italeka, misewu yafumbi yauma, ndipo m'mawa kumazizira bwino. Okutobala ndi Novembala ndi miyezi yoti munthu wosazolowera asayerekeze. Kutentha kwa ku Mangochi m'miyezi imeneyi kumafoola ngakhale akabaza omwe anabadwira konkuno.

Koma miyezi yabwinoyi ndi yomwenso mwera umaomba. Mphepo imeneyi imachokera kummwera chakummawa. Mukamapita ku Monkey Bay imakhala ikukukankhani kumsana, njinga imangoyenda yokha, ndipo mumadziona ngati katswiri. Pobwerera mphepo yomweyo imakumenyani pachifuwa kuyambira poyambira mpaka pothera.

Chenjezo: musayeze ulendo wobwerera ndi maola omwe munatenga popita. Ngati popita munatenga tsiku limodzi, pobwerera ikani tsiku ndi theka kapena awiri.

2. Konzani njinga kudakali sabata yathunthu

Osati dzulo lake. Njinga yongochoka kwa mmisiri imakhala ndi tina tomwe sitinakhazikike, ndipo mufunika masiku oti tioneke mukadali pafupi ndi kwanu.

Muuzeni mmisiri atsegule mahabu onse awiri aikemo girisi watsopano, amange masipoko, aone ngati limu silikupotoka, asinthe mphira za mabuleki. Mukhale pomwepo akamachotsa matayala, muone ngati mkati mwa limu muli kalamba kotchinga mitu ya masipoko. Ngati mulibe, dulani chubu chakale muzungulize. Machubu ambiri amene anthu amati alasidwa ndi minga amakhala atabooledwa ndi sipoko kuchokera mkati.

Chishalo chikwezeni mpaka mwendo uzitsala pang'ono kuwongoka pedulo ikakhala pansi. Ambiri timapalasa chishalo chili pansi kuti phazi lizifika padothi. Popita kumsika zilibe kanthu, koma pa makilomita 60 mawondo amayamba kulira.

Mukatero mangani katundu yense amene mudzatenge, mupalase makilomita 30 kawiri sabata imeneyo.

3. Mangani katundu pansi, osati pamsana

Chikwama cha kumsana chimatentha, chimatupitsa mapewa, ndipo kulemera kwake konse kumathera pa chishalo. Gawani katundu m'zikwama ziwiri zolemera mofanana, zilendewere uku ndi uku kwa kaliyala, zolemera zikhale pansi. Pamwamba pa kaliyala pakhale zopepuka monga neti ndi zovala. Ine ndimayesetsa kuti zonse pamodzi ndi madzi zisapitirire makilogalamu 15.

Chenjezo: nsonga ya legeni yolendewera ikalowa m'masipoko imakugwetsani nthawi yomweyo. Pindani nsonga zonse muzilowetse mkati. Zipangizo zomatira chubu zikhale pamwamba, kuti musamasule katundu yense pamsewu.

Botolo limodzi livekeni sokosi yonyowa, mulimangirire kutsogolo. Mphepo ikamaomba sokosiyo, madzi amakhala ozizirirapo mpaka masana.

4. Tsiku loyamba likhale la pa boma

Musafike ndi kunyamuka tsiku lomwelo. Thupi lizolowere kutentha, ndipo tauniyi ili ndi zoti muone. Dzina lake lakale ndi Fort Johnston, kuchokera pa linga lomwe atsamunda anamanga mu 1891 pofuna kutseka njira ya malonda a akapolo yomwe inkadutsa pa Shire, m'dera la Mfumu Mponda.

Yambirani pa nsanja ya wotchi yomwe ili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, yokumbukira Mfumukazi Victoria yemwe anamwalira mu 1901. Pambali pake pali mfuti yaikulu ya sitima yankhondo ya Gwendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli, mbali ya Tanzania. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Ambiri amajambulitsa pa mfutiyo n'kumapita osawerenga chikumbutsocho. Imani muwerenge, chifukwa masiku akubwerawa mukhala mukuyenda m'mbali mwa nyanja yomweyo. Kenako lowani ku Lake Malawi Museum, yomwe ili chapafupi pomwepo.

Madzulo pitani kumsika mukagule nthochi, mtedza wokazinga ndi chilichonse chomwe mwaiwala. Ngati pali chipangizo cha njinga chomwe mukukayikira, gulani pano. Mugone msanga.

5. Kuchoka pa boma kukafika ku Monkey Bay

Apa ndiye pagona ulendo wonse. Mtunda wake ndi makilomita oposa 60 pa msewu wa M10, wa tala, wodutsa m'migwalangwa ndi milambe. Ugaweni motere.

Nyamukani kukangoyamba kuyera, cha m'ma 5 koloko, mutamwa tiyi ndi kudya kanthu. Maola a pakati pa 5 ndi 10 koloko ndiwo chuma chanu. Musawawononge ndi kuima paliponse. Palasani mofatsa, pa giya yopepuka, liwiro loti mutha kuyankhula osapuma wefuwefu. Mudutsa Namiasi, Maldeco, Makawa. Pa ola lililonse imani mphindi zisanu, mumwe madzi ngakhale musanamve ludzu, mudye nthochi kapena chitumbuwa.

Ikamakwana 10 koloko, kapena 11 ngati kuli mitambo, pezani mthunzi pamalo pomwe pali anthu ndi mjigo. Tsikani. Idyani nsima yeniyeni, ya usipa kapena utaka, mumwe thobwa, muyale chitenje mugone. Njinga nayo ikhale pamthunzi, chifukwa tayala lopopedwa kwambiri likakhala padzuwa chigamba chakale chimamatuka. Mudzukenso cha m'ma 3 koloko kumalizitsa mtunda wotsala, ndipo 5 koloko ikupezeni mutafika.

Ndikudziwa kuti maola anayi kapena asanu okhala pansi amaoneka ngati kutaya nthawi, makamaka pamene mwera ukukukankhani ndipo mtima ukuti ingomalizani. Paulendo woyamba uja ndinamvera mtima. Ndinafika ku Monkey Bay 1 koloko masana mutu ukugunda, mkodzo uli wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo ngongole ya tsiku limenelo ndinaibweza masiku awiri otsatira. Bambo wina wokonza njinga yemwe anandiona ndikutsika anangoti, "Achimwene, kuno dzuwa sitilimbana nalo, timalipatsa njira." Anandikhazika pa benchi lake, natuma mwana kukatunga madzi.

Chenjezo la madzi: thukuta limachotsa mchere m'thupi, ndipo madzi okha sabwezeretsa. Tsiku lililonse sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi. Ikatha, ikani masupuni a tiyi asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi. Mukamva chizungulire, nseru, kapena thukuta likasiya kutuluka pamene kukutentha, ulendo wa tsikulo wathera pomwepo: pamthunzi, madzi pathupi, ndipo zikapanda kusintha pitani kuchipatala chapafupi.

Chenjezo la pamsewu: yendani kumanzere, ndipo galimoto yaikulu ikamabwera kumbuyo pamene ina ikuchokera kutsogolo, tsikirani kudothi. Koma potsika pa tala chenjerani ndi m'mphepete modyeka ndi mchenga, tayala lakutsogolo limaterereka pamenepo. Njinga zamoto za kabaza zimatulukira paliponse m'misika, choncho podutsa pamsika dzanja likhale pa buleki.

Ku Monkey Bay ndiye kwawo kwa sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Mukaipeza ili padoko mwachita mwayi. Pafupi pomwepo pali malo a asilikali apamadzi, ndiye musamangojambula paliponse osafunsa.

6. Kulowa ku Cape Maclear

Mphambano yake ili musanafike ku Monkey Bay, choncho mubwerera pang'ono. Kuchokera pamenepo ndi makilomita 18 kukafika m'mudzi wa Chembe. Ndi ochepa, koma ndi okwera ndi kutsika m'mapiri a Lake Malawi National Park, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1980. Nyamukaninso m'mawa. Pokwera potsetsereka kwambiri tsikani mukankhe, palibe manyazi. Anyani mukawapeza pamsewu musawapatse chakudya, ndipo nthochi zikhale zobisika m'chikwama.

M'njiramo funsani za Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere ngati mphini zakumaso. Mukafika, pitani kumanda a amishoni a Livingstonia yoyamba. A Dr Robert Laws ndi anzawo anafika pano mu 1875, koma malungo anawatha anthu mpaka mishoni inasamukira ku Bandawe mu 1881. Mandawo ali mbali ya paki, ndiye konzekerani kulipira polowa. Ine ndikaima pamandapo ndimakumbukira neti yomwe ili m'chikwama: udzudzu womwe unasamutsa mishoni sunasamuke.

Gonani kuno masiku awiri ngati nthawi ilipo. Miyendo ipume mwera usanakumane nanu.

7. Tayala likaphwa

Lidzaphwa ndithu, makamaka mukapatukira m'tinjira ta minga ya mthethe. Kankhirani njinga pamthunzi, kutali ndi msewu.

Tulutsani chubu, mupope pang'ono, muchiyendetse pafupi ndi mlomo kapena tsaya kuti mumve pomwe mpweya ukutulukira. Ngati pali beseni la madzi pafupi, chiviikeni muone thovu. Pukutani pauma, palani ndi sandipepala malo okulirapo kuposa chigamba, pakani guluu wochepa. Tsopano dikirani. Guluu aume mpaka asiye kunyezimira ndi kumata chala, ndiye muike chigamba ndi kuchitsindika mwamphamvu ndi chogwirira cha sipanala. Anthu ambiri amamata guluu akadali wamadzi, ndipo chigambacho chimamatuka asanayende makilomita awiri.

Musanabwezeretse chubu, yendetsani kansanza mkati monse mwa tayala. Pomwe kakodwe ndi pomwe pali munga. Mukausiya, chubu chatsopano chibookanso pamalo omwewo. Pobwezeretsa, popani pang'ono kaye kuti chubu chisapanikizike pakati pa tayala ndi limu.

Tcheni nacho chimafuna chisamaliro kuno kumchenga. Madzulo aliwonse chipukuteni, donthezani oyilo pang'ono, kenako pukutaninso. Oyilo wambiri amagwira mchenga n'kukhala ngati sandipepala yodya tcheni.

8. Kogona ndi kakhalidwe

Pa boma, ku Monkey Bay ndi ku Chembe malo ogona alendo otsika mtengo alipo. Pemphani kuti njinga ilowe m'chipinda. Neti yanu imangeni ngakhale mutapeza ina, chifukwa zambiri zimakhala zobooka.

Usiku ukakupezani pamudzi, musangokhoma msasa pathengo kapena pagombe. Funsani kwa amfumu. Tsikani panjinga musanafike pabwalo, vulani chipewa, nenani "Odi", mudikire akulandireni. Fotokozani komwe mwachokera ndi komwe mukupita, muonetse chiphaso. Kapaketi ka shuga kapena mchere ndi mphatso yokwanira.

Madera ambiri a Mangochi ndi a Ayao, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Moni wa "Ali uli?" ndi kuyankha kuti "Ndili chenene", komanso "Sikomo" pothokoza, zimatsegula makomo ngakhale zotsalazo muyankhule Chichewa. Kabudula wothina wopalasira njinga muvalireni thalauza kapena chitenje pamwamba mukamalowa m'mudzi. Lachisanu masana mashopu ena amatseka anthu akapita kumzikiti, ndipo m'mwezi wa Ramadan chakudya chamasana chimasowa m'malo ena, ndiye gulanitu. M'nyengo ya zinamwali, makamaka ana akatsekera sukulu cha mu Ogasiti, mukaona msasa wa udzu kunja kwa mudzi ndipo anthu akuti ndi ndagala, musayandikire kapena kujambula.

Za kusamba m'nyanja, safunsa anadya phula. Mu Shire ndi m'malo a bango muli ng'ona ndi mvuu, ndipo madzi odekha a m'mbali mwa midzi amakhala ndi likodzo. Funsani eni dera pomwe iwo amasamba, ndipo ngati mwalowa m'madzi, mukayezetse likodzo pakapita miyezi iwiri kapena itatu.

9. Kubwerera

Nthawi zambiri mwera umakhala wofatsa mbandakucha n'kumakula dzuwa likamakwera. Choncho lamulo la 5 koloko lija pano ndi lowirikiza. Ikani giya yopepuka, weramani pang'ono, musayang'ane liwiro. Ngati muli awiri, sinthanani kutsogolo mphindi khumi zilizonse, wakumbuyo abisale kumsana kwa mnzake. Konzani zogona panjira, cha ku Nkope kapena ku Makawa, m'malo mokakamira kukafika pa boma tsiku lomwelo.

10. Kutsidya la mlatho

Mukapuma pa boma, pali njira ziwiri. Yofewa ndi ya ku Malindi: mukawoloka mlatho mukhotere kumanzere, makilomita pafupifupi 20, kukafika ku mishoni yakale ya Anglican komwe kuli chipatala cha St Martin's. Mutha kupita m'mawa ndi kubwerera madzulo, katundu mutamusiya pa boma.

Yolimba ndi ya ku Namwera, makilomita pafupifupi 40 pa msewu wa M3 wopita ku chipata cha Chiponde. Msewu umakwera phiri la Chowe mokhotakhota, ndipo mukatembenuka mumaona nyanja ya Malombe, Shire ndi nyanja ya Malawi nthawi imodzi. Kumtundako kumazizira, tengani juzi. M'mapiri a dera limeneli muli mabwinja a Fort Mangochi, linga lomwe atsamunda anamanga atagonjetsa Mfumu Jalasi mu 1895. Kumeneko n'kwapansi, ndipo mufunika munthu wa m'deralo wokulondolerani.

Chenjezo lalikulu ndi potsika Chowe. Mukagwira mabuleki osasiya, limu limatentha mpaka chubu kuphulika kapena mphira kusiya kugwira. Gwirani ndi kusiya, gwirani ndi kusiya, mabuleki onse awiri, ndipo chepetsani liwiro musanalowe pokhota, osati muli kale pakati pake. Imani kawiri kapena katatu mukhudze limu. Ngati likuotcha chala, dikirani lizizire. Njinga ya buleki imodzi isatsike phiri limeneli munthu ali pachishalo.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kunyamuka 8 koloko chifukwa chodikira tiyi wa pamalo ogona. Gulani mandasi dzulo lake, tiyi mukamwera kutsogolo.

Kuvala nsapato zatsopano kapena kuika chishalo chatsopano tsiku la ulendo. Chilichonse chokhudza thupi chikhale chomwe mwachizolowera. Kabudula wamkati wa msoko wokhuthala amasupula khungu. Pakani Vaseline pomwe pakukhuzana musananyamuke, ndipo muchape kabudulayo madzulo aliwonse.

Kudalira foni yokha pa ndalama. Netiweki imatha, wothandizira amapezeka alibe ndalama, ndipo mayi wogulitsa zitumbuwa sangasinthe K5,000 m'mawa.

Kudumpha mjigo poganiza kuti kutsogolo kuli wina. Botolo likafika theka, dzazani pa mjigo woyamba, mutapempha kaye kwa amayi omwe ali pamzere.

Kupeputsa kutentha thupi. Mukamva kuphwanya m'thupi ndi mutu, paulendo kapena patapita sabata imodzi kapena ziwiri mutabwerera, musati ndi kutopa kwa njinga. Kayezetseni malungo tsiku lomwelo.

Kupalasa usiku kuti mumalize makilomita khumi otsala. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mdima umagwa 6 koloko isanakwane, m'mbali mwa msewu mumadzaza anthu, mbuzi ndi njinga zopanda nyale, ndipo madalaivala amakuonani atafika kale pafupi. Dzuwa likafika pamwamba pa migwalangwa chakumadzulo, yambani kufunsa kogona pamalo pomwe mulipo.